Fiesta Movement: momwe a Ford anagawira magalimoto 100 kwa anthu a pa intaneti, ndi zomwe zinachitika galimoto itafika kwa dila

Pafupifupi kasitomala aliyense amene akufuna kutulutsa galimoto yaing'ono pamsika amabwera ndi pempho limodzimodzi, akuti tipangireni kampeni yoti ivute pa intaneti, achinyamata azingoyikamba. Ukafunsitsa kuti kwenikweni mukufuna chani, zomwe amafotokozazo zimakhala Fiesta Movement, kampeni yomwe a Ford anachita ku America mu 2009, olo ena sadziwa n'komwe dzina lake. Ine ntchito yanga ndi yotsatsa malonda, makamaka a magalimoto, ndipo kampeni imeneyi ndimaikonda zedi, ndimaiphunzitsanso kwa anzathu ongoyamba kumene ntchitoyi. Chomwe chimandiwawa n'choti imakambidwa theka. Anthu amathera pa manambala a YouTube pomwe nkhaniyo inapitirira mpaka kukafika kukhoti. Nde ndati ndiilembe yonse, kuyambira vuto lomwe a Ford anali nalo.

Nthawi yake inali yovuta. Mu July 2008 mafuta ku America anadutsa madola 4 pa galoni, anthu omwe anazolowera ma pickup ndi ma SUV akuluakulu anayamba kuyang'ana timagalimoto tosamwa mafuta. Kenako chuma chinagwa. Chrysler inapita kukhoti la makampani ogwa mu April 2009, General Motors inatsatira mu June. A Ford sanalowe nawo pamzere wopulumutsidwa ndi boma chifukwa bwana wawo Alan Mulally, yemwe anachokera ku Boeing mu 2006, anali atakongola kale ndalama zoposa madola 23 biliyoni, mpaka chizindikiro cha kampani chija chobiriwira ngati thambo anachiika pachikole. Ndiye ndalama zinalipo koma zinali za ngongole, zosati n'kumangomwaza pa TV.

Galimoto nayo inalipo, koma inali kutsidya la nyanja. Fiesta ku Ulaya inali ikugulitsidwa kuyambira 1976, ndipo yatsopano inali italowa pamsika kumeneko mu 2008. Ku America inagulitsidwako pang'ono chabe, 1978 mpaka 1980, kenako zii. Wachinyamata wa zaka 25 mu 2009 anali asanabadwe pomwe Fiesta yomaliza imatuluka kwa dila. Ndipo ya ku America imayembekezeka pakati pa 2010 chifukwa fakitale ya ku Cuautitlán ku Mexico, yomwe imapanga ma pickup, imayenera kusinthidwa kaye. Pomwe Honda Fit, Toyota Yaris ndi Nissan Versa zinali zili pamsewu kale kuyambira 2006. Taganizani, dzina losadziwika, kampani yomwe achinyamata amaiona ngati ya pickup ya adadi awo, ndiye chaka chathunthu n'kupitirira opanda galimoto yoti n'kugulitsa.

Pali chinthu china chomwe anthu a kunja kwa bizinesi imeneyi sachiona. Galimoto yaing'ono phindu lake pa imodzi limakhala lochepa kwambiri poyerekeza ndi pickup, pomwe mtengo wa masekondi 30 pa TV ndi womwewo kaya ukutsatsa chani. Ndiye bajeti yotsatsira galimoto yaing'ono imakhala yothina kuyambira tsiku loyamba, ndipo munthu yemwe ukumufunayo, wogula galimoto yake yoyamba, ndi yemwenso sakhulupirira zotsatsa. N'chifukwa chake makampeni ambiri achilendo m'mbiri ya ntchito yathu anabadwira pa timagalimoto. Volkswagen mu 1959 ndi kampani yotsatsa ya Doyle Dane Bernbach anaika ka Beetle pakona ya tsamba lopanda kanthu n'kulemba kuti Think Small, kuvomera poyera kuti inde n'kakang'ono. Fiat anatsegula webusayiti ya 500 wants you mu 2006 kuti anthu azipereka maganizo pa galimoto isanatuluke, n'kudzayitulutsa ku Turin pa 4 July 2007, zaka 50 ndendende kuchokera pomwe 500 yakale inatuluka.

Zomwe a Ford anachita n'zosavuta kufotokoza. Mkulu wa zotsatsa anali Jim Farley, yemwe anachokera ku Toyota mu 2007 komwe anagwirapo ntchito pa Scion, mtundu wa magalimoto a achinyamata, ndipo nkhani za pa intaneti amaziyendetsa Scott Monty. Analengeza kuti aliyense wofuna galimoto atumize vidiyo yofotokoza chifukwa chomwe akuyenera kupatsidwa. Anthu oposa 4,000 anatumiza. Anasankha 100, n'kuwatcha ma ejenti, aliyense n'kumupatsa Fiesta yopangidwa ku Germany kuti akhale nayo miyezi 6 kuyambira April 2009, mafuta ndi inshuwalansi zolipiridwa. Mwezi uliwonse ejenti amasankha ntchito yoti akachite, mitu yake imasinthasintha, pena za maulendo, pena zothandiza anthu m'dera, pena za luso la makono, kenako n'kuika zomwe wajambula pa YouTube, Flickr, Twitter, Facebook kapena pa tsamba lake. Webusayiti ya kampeni imangosonkhanitsa zonsezo pamodzi.

Tsopano apa mpomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ambiri omwe anatengera kampeniyi anatengera chikopa chokha.

Miyezi 6 ija sinali yongokongoletsa. Munthu ukamubwereka galimoto Loweruka ndi Lamlungu akhoza kumwetulira pa kamera n'kunena mawu okoma, aliyense angathe. Koma miyezi 6 galimoto imalowa m'moyo wake weniweni, amanyamulira katundu posamuka, imamuthera mafuta ali kutali, amaidetsa, amakangana ndi mnzake m'menemo, ndipo omutsatira amaona kuti munthuyu akuigwiritsadi ntchito. Wogula galimoto yaing'ono mafunso ake ndi omwewo, kodi anthu anayi akuluakulu akwana, kodi ikakwera phiri ili ndi katundu imalira bwanji, kodi pamsewu waukulu thiraki ikadutsa imagwedezeka. Mafunso amenewa vidiyo ya mu situdiyo yowala mbee siingayankhe.

Kasankhidwe ka anthu nako. Vidiyo yofunsira ija inali mayeso. A Ford samasaka okonda magalimoto, amasaka anthu odziwa kale kujambula ndi kufotokoza nkhani, omwe anali ndi owatsatira awoawo. Ndiye ejenti amapindula kawiri, galimoto komanso zinthu zoti aziika pa tsamba lake, ndipo chifukwa dzina lomwe linali pachiswe linali lake iyeyo amalimbikira kuti vidiyo ikhale yabwino popanda womukakamiza. Ntchito za mwezi ndi mwezi zija zambiri sizinali zokhudza galimoto ayi, galimoto imangokhala yomufikitsa munthu komwe kuli nkhani. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu inali pamenepa. Munthu satsegula foni kuti aone galimoto ikutamandidwa, amatsegula kuti aone mnzake akuchita zinazake, ndiye galimotoyo amaiona mobwerezabwereza mpaka imamulowa osazindikira.

Onjezanipo kuti galimotoyo kunalibe komwe ungaigule. M'dziko lonse lija munali zochepa kwambiri, za mitundu yowala, ndiye ejenti akaima pothira mafuta anthu amabwera okha kudzafunsa kuti imeneyi ndi chani. Kuchedwa kwa fakitale, komwe kunali vuto, kunasanduka chokopa. Panalinso magalimoto ena omwe amazungulira m'mizinda kuti anthu wamba akhalemo n'kuyesa kuyendetsa, mbali imeneyi siikambidwa kawirikawiri koma kwa ine ndi yofunika mofanana ndi mavidiyowo.

Chovuta kwambiri kutengera ndi ichi, a Ford samasefa zomwe ma ejenti amalemba. Ndakhalapo mu miting'i ndi kasitomala wina, sindimutchula, pulani yonse aivomera, magalimoto apezeka, kenako loya wawo n'kukweza dzanja kuti chilichonse chizidutsa kaye ku ofesi yathu tisanalole kuti chiikidwe pa intaneti. Tinayesa kufotokoza koma anakanitsitsa. Zotsatira zake mtsikana wina yemwe anajambula vidiyo yabwino kwambiri, akulimbana ndi kupinda mpando wakumbuyo kuti njinga yake ilowe, akuseka, mpando ukukana kenako n'kutheka, vidiyoyo inabwezedwa ndi ndemanga yoti chotsani pomwe mpando ukuvuta. Atachotsa panatsala njinga ili kale m'galimoto ndi munthu akumwetulira, chinthu chomwe aliyense amachidumpha ndi chala. Pomwe masekondi ovutikira aja ndi omwe akanapangitsa munthu kukhulupirira kuti njinga imalowadi. Ndimamvetsa mantha a maloya, si anthu oipa, ntchito yawo ndi yoteteza kampani. Koma ngati kampani siingapirire kumva ejenti akunena kuti mpando wakumbuyo ndi wothina, bola ingopanga zotsatsa za masiku onse, ndalama zake ziyenda bwino kuposa kugula anthu 100 n'kuwatseka pakamwa.

Kusasefa sikutanthauza kubisa kuti galimoto ndi yopatsidwa. Ma ejenti amadziwika poyera kuti ndi a kampeni. Chaka chomwecho, mu December 2009, malamulo atsopano a FTC, bungwe la boma loteteza ogula ku America, anayamba kugwira ntchito, okakamiza aliyense wolemba pa intaneti kuulula ngati walandira ndalama kapena katundu kuchokera kwa yemwe akumutamandayo. Lero mayiko ambiri ali ndi malamulo ofanana nawo, ndipo olo kukanakhala kulibe, anthu akazindikira okha kuti munabisa, makomenti ake simungawakwanitse.

Manambala omwe a Ford anatulutsa ndi awa: mavidiyo anaoneredwa maulendo pafupifupi 6.5 miliyoni pa YouTube, anthu oposa 50,000 analembetsa kuti akufuna kudziwa zambiri za galimotoyi, ndipo 97 pa 100 aliwonse mwa iwo analibe Ford pakhomo. Anthu amakonda kutchula 6.5 miliyoniyo chifukwa ndi yaikulu. Ine imene imandigwira mtima ndi 97, chifukwa ikuonetsa kuti kampeni inafika kwa anthu omwe dila wa Ford sakanawaona pakhomo pake. Kubweza kasitomala wakale n'kotchipa, kulanda wa Honda kapena wa Toyota ndiye kumadya ndalama. Koma tikumbukirenso kuti manambalawa ndi a kampani yomwe, ndipo munthu wolembetsa dzina sanagule kanthu. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mavuto a mayina 50,000 amayamba tsiku lomwe kampeni yatha. Ma ejenti anabweza magalimoto kumapeto kwa 2009, galimoto yogulitsa inafika pakati pa 2010, ndipo pakatipo munthu yemwe galimoto yake yakale yafa sadikira, amapita kukagula Fit. A Ford anayesetsa kutseka mpatawo, anaonetsa Fiesta ya ku America pa chionetsero cha magalimoto ku Los Angeles mu December 2009, anatsegula zosungitsa galimoto pa intaneti, mu 2010 anachita gawo lachiwiri la kampeni ndi matimu a anthu awiriawiri m'mizinda ikuluikulu, ndipo galimoto itafika anagulanso nthawi pa TV ngati kampani ina iliyonse. Izi ndimazinena kwa makasitomala omwe amaganiza kuti intaneti ilowa m'malo mwa zonse. Olo a Ford omwe sanatero. Intaneti inagwira ntchito yodziwitsa ndi kukhulupiritsa nthawi yomwe kunalibe chogulitsa, TV n'kudzauza dziko lonse kuti yafika.

Ndipo mayina aja amathera m'manja mwa dila, yemwe si wantchito wa kampani yopanga magalimoto, ali ndi bizinesi yakeyake. Wogulitsa amadya komishoni, ndiye pakati pa munthu wofuna ka galimoto kotchipa yemwe analemba dzina pa webusayiti miyezi yapitayo ndi bambo yemwe waima panja akugogoda matayala a pickup, mukudziwa yemwe athamangiridwe. Ndinalowapo mu ofesi ya dila wina kampeni yathu ili mkati, ndinapeza mapepala a mayina omwe timatumiza ali pansi pa kapu ya khofi, pepala lapamwamba lili ndi chizindikiro chozungulira cha kapuyo, palibe dzina olo limodzi lomwe linachongedwa kuti layimbiridwa foni. Aliyense pa pepala limenelo anali munthu yemwe anaona vidiyo, anakopeka, anataya nthawi yake kulemba nambala. Zinandipweteka kwambiri. Kuyambira pamenepo pulani iliyonse yomwe ndimalemba imakhala ndi mzere wa ndalama za anthu oyimba mafoni ndi kukonza tsiku loyesa galimoto, ndipo ndimapempha kuti wogulitsa azilandira kenakake pa munthu aliyense yemwe wakhaladi pa chiwongolero, osati pa yemwe wagula yekha. Kasitomala akafuna kudula bajeti ndimamuuza kuti adule vidiyo imodzi, mzere umenewo ausiye.

Kagulitsidwe ka Fiesta ku America kanali kabwinobwino koma osati kodabwitsa. Mu 2011, chaka choyamba chathunthu, anagulitsa zoposa 68,000, ndipo chaka chomwe inagulidwa kwambiri chinali 2013 pomwe zinadutsa 70,000 pang'ono. Kwa dzina lomwe kunalibe zaka 30 si zochepa. Koma Nissan Versa, yopanda phokoso lililonse pa intaneti, imagulidwa kuposa pamenepo chifukwa inali yotchipa komanso yotakasuka kumbuyo. Pa timagalimoto mtengo ndi malo okhala zimalankhula mokweza, kampeni singazitseke pakamwa.

Nkhani ya mtengo ili ndi msampha wake. Tata Nano ku India inaonetsedwa mu January 2008 ndi lonjezo la ma rupee 100,000, dziko lonse linaikamba ngati galimoto yotchipitsitsa padziko, kudziwika kokha kunali kopitirira muyeso. Koma banja lomwe likuchoka pa njinga yamoto kupita pa galimoto likufuna anthu aone kuti lakwera, silikufuna kuloza kuti awo agula yotchipitsitsa ija. Ratan Tata mwini wake, yemwe anali mkulu wa kampani ya Tata, anadzavomereza kuti kuitcha choncho kunaipweteka, ndipo pofika 2018 inali itatha. Fiesta Movement inapewa zimenezi, sinagulitse kutchipa, inagulitsa moyo womwe munthu angakhale nawo ndi galimotoyo.

Tsopano gawo lomwe silimakambidwa m'makalasi. Galimoto zomwe ma ejenti anayendetsa zinali za ku Ulaya. Fiesta yomwe inagulitsidwa ku America, komwe anthu ambiri amagula za otomatiki, inabwera ndi giyabokosi ina yatsopano yotchedwa PowerShift, ya magiya 6 ndi makilatchi awiri ouma, yomwe munalibe m'magalimoto a kampeni aja. Cholinga chake chinali chabwino, kupulumutsa mafuta. Koma eni magalimoto anayamba kudandaula kuti ukamanyamuka pa maloboti galimoto imanjenjemera, imazengereza kenako n'kudumpha, ena amati imataya mphamvu ili pakati pamsewu. Ganizirani mtsikana yemwe anatsatira ejenti wake miyezi 6, analembetsa dzina, anadikira chaka, watenga ngongole ya galimoto yake yoyamba, ndiye waima pa maloboti magalimoto ali mbuyo, waponda mafuta galimoto ikunjenjemera osanyamuka bwino. Ameneyo akafika kunyumba amatsegula intaneti yomwe ija yomwe inamukopa, n'kulemba.

Vutoli linakhudza Fiesta za 2011 mpaka 2016 ndi Focus za 2012 mpaka 2016. A Ford anawonjezera walanti, eni magalimoto anasuma pagulu ku America mpaka kampani inagwirizana nawo zolipira, ndipo ku Australia mu 2018 khoti linalamula Ford kulipira madola a ku Australia 10 miliyoni chifukwa cha momwe inasamalira madandaulo a makasitomala pa giyabokosi yomweyi. Mu July 2019 nyuzipepala ya Detroit Free Press inatulutsa kafukufuku wonena kuti kampani imadziwa za mavutowa galimoto zisanatuluke, a Ford anatsutsa momwe nkhaniyo inalembedwera.

Sindikunena kuti anthu omwe anakonza kampeni ananamiza aliyense, ma ejenti ananena zoona za galimoto yomwe anali nayo. Koma kwa ife otsatsa apa pali funso lolemera. Mphamvu yonse ya Fiesta Movement inali yoti musamvere ife, mverani anthu anzanu omwe akuiyendetsa. Ukalonjeza choncho ndiye kuti wabwereka chikhulupiriro cha anthu 100 ndi owatsatira awo, ndipo chinthu chomwe chifike kwa wogula chikasiyana ndi chomwe anayesa, ngongoleyo imagwera onse. Nde masiku ano funso langa loyamba kwa kasitomala silikhala la bajeti. Ndimafunsa kuti galimoto zomwe tibwereke anthuzi ndi zomwezo zomwe zidzakhale kwa dila, injini, giyabokosi, matayala, mipando? Ndipo mtundu womwe udzagulidwe kwambiri, nthawi zambiri wapakati wa otomatiki osati wapamwamba wodzadza ndi zonse, ulipo pakati pa zobwereketsazo? Ngati yankho ndi ayi, ndimalemba m'pulani kuti ma ejenti azinena poyera kusiyanako, ndipo galimoto yeniyeni ikafika ena mwa iwo apatsidwenso kuti ayese.

A Ford anabwereza kampeniyi mu 2013 pa Fiesta yokonzedwanso, ma ejenti 100 kachiwiri, ulendo uno zomwe amajambula zimagwiritsidwa ntchito ngati zotsatsa zenizeni pa TV ndi m'manyuzi. Sinamveke ngati yoyamba, ndipo sindikuona kuti anthu ake anali ofooka. Galimoto inali ili kale kwa dila aliyense ndiye chidwi cha chinthu chosowa chija panalibe, makampani ena onse anali atayamba kugawa katundu kwa anthu otchuka pa intaneti, ndipo intanetiyo inali itasintha. Mu 2009 ukaika chinthu okutsatira amachiona ulele. Pofika 2012 a Facebook eni ake amanena kuti zomwe tsamba laika zimafika kwa anthu pafupifupi 16 pa 100 mwa olitsatira, zotsalazo ulipire. Chaka chomwecho General Motors anasiya kaye kugula zotsatsa pa Facebook, za madola pafupifupi 10 miliyoni pachaka, akukayika ngati zimagulitsadi magalimoto. Instagram inabwera mu October 2010, TikTok pambuyo pake, ndipo kuyambira April 2021 mafoni a Apple amafunsa munthu ngati akulola kutsatiridwa, zomwe zinapangitsa kuti kulondola munthu kuchokera pa vidiyo mpaka pa fomu kukhale kovuta kuposa kale.

Ndiye wofuna kuchita zofanana lero awerengere kuti ma ejenti ambiri ndi akatswiri olipidwa okhala ndi mamanejala awo, kufalitsa mavidiyo kumafuna ndalama zakezake, ndipo vidiyo ya mphindi zingapo ya 2009 lero iyenera kugwira munthu m'masekondi oyambirira. Zomwe sizinasinthe ndi nthawi yaitali ndi galimoto, ufulu wonena zoipa, komanso kukhazika anthu pa chiwongolero. Ine poyeza kampeni ndimayang'ana anthu angati anabwera kudzayesa galimoto, angati mwa iwo anali ndi mtundu wina pakhomo, ndipo zinatenga maola angati kuti wolembetsa ayimbiridwe foni. Malayiki ndimawaika kumapeto kwa lipoti.

Chinthu chomaliza chomwe ndimamenyera m'kontirakiti ndi choti timu yoyankha makomenti isathetsedwe mwezi womwe galimoto yatuluka, ikhalepo chaka choyamba chonse, ndipo ikhale ndi njira yachindunji yofikitsira madandaulo kwa mainjiniya ndi a walanti. Munthu woyamba kuona kuti eni magalimoto angapo alemba mawu ofanana onena za kunjenjemera ponyamuka amakhala wachinyamata yemwe akuyendetsa tsamba la kampani, ndipo nthawi zambiri alibe woti amuuze. Fiesta inasiya kugulitsidwa ku America mu 2019, a Ford atalengeza mu April 2018 kuti akusiya magalimoto ang'onoang'ono ambiri kumeneko n'kulimbikira ma pickup ndi ma SUV, ndipo ku Ulaya yomaliza inatuluka mu fakitale ya ku Cologne mu July 2023.